Pogona Pamapezeka Dzuwa Lisanalowe: Ulendo Wanga Ndekha wa ku Tanzania

Anthu ambiri akamva kuti ndinayenda ndekha m'dziko la Tanzania, kuchokera pa chipata cha Songwe mpaka pa chilumba cha Zanzibar, nditabereka chikwama chimodzi kumsana, safunsa za malo amene ndinaona kapena zakudya zimene ndinalawa. Funso lawo limakhala lakuti ndinkagona kuti, komanso kuti munthu wamayi amene alibe mbale kapena mnansi m'tauni yachilendo amayambira pati kufunafuna pogona. Funsoli ndi lomveka, pakuti ndilo limabweza m'mbuyo anthu ambiri amene mtima wofuna kuona mayiko ena ali nawo koma ndalama zolipira mahotela akuluakulu alibe. Ndalemba nkhaniyi kuti ndiyankhe bwinobwino, ndipo mfundo imene ndikufuna kuti muigwiritsitse ndi yakuti nkhani ya pogona imayamba pamene mukugula tikiti ya basi, chifukwa ola limene mudzafikire ndilo limagamula ngati mudzasankha nokha chipinda kapena ena adzakusankhirani.

Ndisananyamuke ku Mzuzu ndinachepetsa katundu mpaka chikwama chinapepuka moti ndikanatha kuyenda nacho ola lathunthu osatula. Izi zikukhudzana kwambiri ndi pogona, chifukwa munthu amene katundu akumulemera amavomera chipinda choyamba chimene waona, chabwino kaya choipa, pofuna kungotula. Kupatula zovala zochepa, ndinatenga loko wanga ndi makiyi ake, tochi, neti ya udzudzu, zitenje ziwiri, mapatapata osambira, sopo, ndi mafotokope a tsamba la pasipoti limene pali chithunzi. Mmalawi amene ali ndi pasipoti safunika viza pokacheza ku Tanzania kwa nthawi yochepa, komabe akuluakulu oona za olowa ndi otuluka angathe kukufunsani kumene mukukafikira, choncho ndi bwino kukhala ndi dzina la nyumba ya alendo imodzi ya m'tauni yoyamba ngakhale musanalipire kalikonse. Ine ndinalemba m'kabuku mayina angapo a nyumba za alendo za tauni iliyonse, pamodzi ndi dera limene zili, ndiponso ndinasunga mapu a matauniwo m'foni kudzera pa Google Maps kuti azitseguka ngakhale popanda intaneti.

Ndinagona ku Karonga kuti ndiwoloke malire m'mamawa, ndipo aliyense amene akuyenda njirayi koyamba ndingamulangize kutero. Mukangowoloka mlatho wa Songwe n'kufika mbali ya Kasumulu, wotchi yanu imakhala itatsalira ndi ola limodzi, chifukwa nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo pa yathu. Dzuwa silisintha mayendedwe ake, koma mabanki, maofesi ogulitsa matikiti ndi masitolo olembetsa makadi a foni amatseka potsata nthawi ya kumeneko. Chinanso chimene chimasokoneza alendo n'chakuti olankhula Chiswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, kotero kuti 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba. Wogulitsa tikiti akanena kuti basi inyamuka ola la 12 m'mawa akutanthauza 6 koloko, ndipo mwini nyumba ya alendo akanena kuti mutuluke m'chipinda pofika ola la 4 akutanthauza 10 koloko. Ine ndinkapempha munthuyo kuti andilembere nthawiyo papepala, kenaka n'kumufunsa ngati ili ya Chiswahili kapena yofanana ndi ya pa foni. Ndalama ndinasinthiratu pamalire pomwepo, zokwanira masiku angapo, popeza kwacha yathu simuisinthanso mosavuta mukalowa mkati mwa dzikolo, ndiponso nyumba za alendo zing'onozing'ono zimafuna ndalama ya pamanja kapena ya pa foni monga M-Pesa, osati khadi la kubanki.

Msewu wa ku Mbeya umakwera kudutsa m'minda ya tiyi ndi nthochi ya ku Tukuyu, n'kukakumana pa Uyole ndi msewu waukulu wochokera ku Zambia kupita ku Dar es Salaam, ndipo minibasi zimaima pafupipafupi moti ulendo umene pa mapu umaoneka waufupi umadya maola angapo. Ndinatsika dzuwa likadali pamutu, ndipo ndisanamange n'komwe malamba a chikwama, anyamata anali atandizungulira, aliyense akutchula dzina la nyumba ya alendo, wina akufuna kundinyamulira katundu. Sindikuwanyoza anyamata amenewa, chifukwa ndi ntchito imene amadyera ndipo ambiri mwa iwo si akuba. Komabe muyenera kudziwa kuti amalandira kangachepe kwa mwini nyumba pa mlendo aliyense amene amubweretsa, ndipo ndalama imeneyo imatuluka m'thumba mwanu kudzera mu mtengo wokwera wa chipinda. Komanso amakutengerani kumene iwo amalandirako bwino, kumene nthawi zambiri si kumene inu mungagone bwino. Ndinawathokoza mwaulemu, osapereka chikwama m'manja mwa aliyense, n'kuyenda molunjika kukakhala pamalo ogulitsa tiyi amene ndinawaona tsidya lina la msewu.

Kukhala pansi n'kumwa tiyi ndi chapati ndisanayambe kufunafuna pogona ndi chinthu chimene ndinachita m'tauni iliyonse, chifukwa mtima umakhazikika, oitanira aja amakusiya n'kuthamangira basi ina, ndipo umapeza munthu woti umufunse amene sapindula kanthu ndi yankho lake. Ku Tanzania, monganso kwathu, kufunsa chinthu usanapereke moni ndi mwano, ndipo munthu wamkulu umamulonjera ndi "shikamoo", iye n'kuyankha kuti "marahaba". Mayi amene ankagulitsa tiyiyo anali a msinkhu wa amayi anga. Nditamaliza kumwa ndinawafunsa, m'Chiswahili changa choperewera, kuti mwana wawo wamkazi atafika yekha m'tauniyo angafune kuti agone nyumba iti. Sanandiyankhe msanga. Anapukuta manja pa kanga yawo, nsalu yonga chitenje, anaitana mnzawo amene ankawotcha nthochi pa mbaula chapafupi, anakambirana kwakanthawi akuloza uku ndi uku, kenaka anandiuza mayina a nyumba ziwiri n'kundichenjeza za ina yachitatu imene inali pafupi kwambiri ndi siteji. Funso likafunsidwa motero, munthu amaganiza za chitetezo chanu choyamba, pamene mukangofunsa kumene kuli chipinda chotchipa amakulozerani chotchipadi, zotsala n'kukhala zanu. Amayi ogulitsa zakudya, ogulitsa m'masitolo a mankhwala ndi ogwira ntchito m'masitolo a mafoni ndi amene anandithandiza kwambiri pa ulendo wonsewo, chifukwa amakhala pamalo amodzi tsiku ndi tsiku ndipo amadziwa mbiri ya nyumba iliyonse yoyandikana nawo.

Nyumba iliyonse imene ndinafikapo, ndinkapempha kuona chipinda ndisanatulutse ndalama, ndipo mawu akuti "Naomba kuona chumba" anandikwanira. Wolandira alendo akakana kukuonetsani chipinda, kapena akaumirira kuti mulipire kaye, thokozani n'kupita kwina. Ndikalowa ndinkayamba ndi chitseko. Ndinkachitseka ndili mkati n'kuchikankha ndi phewa, kuona ngati mpiringidzo wake ukulowa bwino ndiponso ngati misomali yake siinazuke, chifukwa kiyi amene amakupatsani ali ndi mnzake ku ofesi, pamene mpiringidzo wa mkati palibe amene angautsegule ali kunja. Ndinkaonanso ngati kunja kwa chitsekocho kuli pokolekapo loko wanga ndikamapita koyenda masana. Kenaka ndinkapita pa zenera kuona ngati lili ndi zitsulo ndi waya wotchinga udzudzu, komanso kumene layang'ana, pakuti zenera loyang'ana pa kanjira ka anthu, bedi lili pafupi, limapatsa mpata munthu wa kunja kukoka foni kapena kachikwama inu muli mtulo.

Pa bedi ndi pamene ndinkatenga nthawi yaitali. Ndinkavundukula nsalu yoyala cha kumutu, n'kuunika ndi tochi m'mphepete mwa matiresi mmene muli msoko, ndiponso m'ming'alu ya matabwa a bedi, kufunafuna timadontho takuda tonga ta inki, timagazi touma ndi timakoko ta nsikidzi. M'nyumba ina ya ku Mbeya, imene khonde lake linali lokolopedwa mpaka kuwala ndipo nsalu zake zinali zoyera ndi zosita, ndinangokweza ngodya ya matiresi n'kuona nsikidzi zikuthawa kuwala kwa tochi. Sindinakangane ndi aliyense. Ndinabweza kiyi n'kupita ku nyumba yachiwiri imene mayi aja anandiuza. Vuto la nsikidzi silithera pa usiku umodzi woyabwa, chifukwa zimalowa m'misoko ya chikwama n'kuyenda nanu mpaka kwanu, n'chifukwa chake chikwama sindinkachiika pa bedi kufikira nditakhutira. Neti ndinkaitambasula yonse kuona mabowo, ndipo ikakhala yong'ambika ndinkamanga yanga. Ku bafa ndinkatsegula mpopi ndi kugujumula chimbudzi pamaso pa wolandira alendoyo, ndipo akanena kuti madzi abwera madzulo, ndinkapempha kuti andidzazire ndowa nthawi yomweyo. Masoketi ambiri a ku Tanzania ndi a mapini atatu ofanana ndi athu, kotero tchaja ya kwathu imalowa, koma ndinkayesabe kuona ngati soketiyo ili ndi moto.

Chinthu chimene sichioneka masana ndi phokoso, koma zizindikiro zake zimaoneka. Makireti a mowa osanjidwa m'khonde, masipika akuluakulu ofunditsidwa nsalu pabwalo ndi mipando yambiri ya pulasitiki younjikidwa pakona zimasonyeza kuti malo amene ali zii pa 3 koloko masana adzakhala malo omwera mowa mpaka mbandakucha. Palinso nyumba zimene zipinda zake zimabwerekedwa kwa maola ochepa, ndipo mumazizindikira poona anthu akulowa awiriawiri opanda katundu, kapena wolandira alendo akakufunsani ngati mugona usiku wonse. Munthu wamayi woyenda yekha sangagone mwamtendere m'nyumba yotero, chifukwa usiku oledzera amagogoda zitseko zimene si zawo. Mtengo wake ungakhale wotsika chotani, ine sindinkalowamo.

Mukakhutira ndi chipinda, gwirizanani mtengo momveka, ndipo funsani ngati chakudya cha m'mawa chili momwemo, nthawi yotulukira, ndi nthawi imene mlonda amatseka geti. Mudzapatsidwa kaundula wa alendo woti mulembemo dzina, nambala ya pasipoti, kumene mwachokera ndi kumene mukupita, ndipo m'makaundula ena muli ndi malo olembapo mtundu wanu. Kulemba m'kaundula n'koyenera ndipo kumakutetezani, koma pasipoti yeniyeniyo musaisiye pa ofesi, aionere pamaso panu n'kukubwezerani, ndipo akafuna chotsala nacho apatseni fotokope. Lipirani usiku umodzi wokha poyamba, ndipo pemphani lisiti lolembedwa tsiku, nambala ya chipinda ndi ndalama imene mwapereka. Lisitilo linandithandiza m'tauni ina pamene mnyamata wa m'mawa, amene sanali uja wa dzulo lake, ananena kuti m'buku mwake simukuoneka kuti ndalipira. Nditamuonetsa kapepalako nkhani inathera pomwepo.

Zimene mukufuna m'chipinda zimasintha ndi malo. Mbeya ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, ndipo m'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira kwambiri, kotero kumeneko funsani za bulangeti lachiwiri ndi madzi otentha osamba, pamene ku Dar es Salaam ndi ku Zanzibar chimene chimagonetsa munthu ndi fani yozungulira bwino ndi zenera lolowa mphepo. Ndinapezanso kuti mipingo monga wa Moravian, wa Lutheran, wa Katolika ndi wa Anglican ili ndi nyumba za alendo m'matauni angapo a ku Tanzania, ndipo kwa munthu woyenda yekha zimenezi n'zimene ndingatchule poyamba. Zipinda zake sizikhala zapamwamba, koma kawirikawiri zimakhala zaukhondo, pabwalo pamakhala bata, ndipo pa geti pamakhala mlonda. Chovuta chake n'chakuti zimadzaza kukakhala msonkhano wa mpingo kapena maphunziro, ndiponso geti limatsekedwa msanga, choncho kuimbiratu foni kumathandiza.

Kuchokera ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam ndi mtunda woposa makilomita 800, ndipo basi imene yanyamuka mbandakucha imakalowa mumzindawo usiku. Pa chifukwa chimenechi ndinaudula ulendowo pakati n'kukagona ku Iringa. Ena anganene kuti kumeneko n'kuwononga ndalama ya usiku wina, koma ine ndikuona kuti ndalama imene munthu amataya akafika mumzinda waukulu pakati pa usiku, pa takisi ya mtengo wokwera ndi chipinda chimene sanasankhe, imaposa pamenepo. Pogula tikiti ya ku Iringa funsani kumene basiyo ikakutsitsireni, chifukwa tauniyo ili pamwamba pa phiri pamene msewu waukulu umadutsa m'munsi, cha ku Ipogolo, ndipo mabasi opitirira ku Dar es Salaam samakwera nanu kumtunda. Pamafunika bajaji, kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu, kapena daladala, imene ndi minibasi ya kumeneko, ndipo mtengo wake ndinaufunsiratu kwa mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi tisanatsike. Iringa ndi tauni yoyendeka wapansi, nyumba za alendo zili pafupipafupi, ndipo ndinayendera zingapo ndisanasankhe. Popeza ndinafuna kukaona zipilala zachilengedwe za ku Isimila komanso ku Kalenga, kumene kuli nyumba yosungiramo mbiri ya mfumu Mkwawa ya Ahehe imene inalimbana ndi Ajeremani, ndinadziwa kuti ndikhalitsa. Nditagona usiku woyamba n'kukhutira, ndinanenerera mtengo wa masiku otsatirawo ndipo ananditsitsira, pakuti mwini nyumba amakondwera ndi mlendo amene chipinda chake sichikhala chopanda munthu.

Ku Dar es Salaam njira yongofika n'kuyamba kuyendayenda sindinaigwiritse ntchito, ndipo sindingalangize munthu wobwera koyamba kuti aiyese. Kuyambira mu 2021 mabasi ochokera kutali amathera pa depoti ya Magufuli ku Mbezi, imene ili kutali ndi pakati pa mzinda, ndipo ngakhale mutanyamuka ku Iringa m'mamawa, mutatsika mapiri a Kitonga ndi kudutsa m'nkhalango ya Mikumi, Morogoro ndi Chalinze, mumafika dzuwa litapendeka, misewu itadzaza. Usiku woyamba ndinasungitsiratu chipinda pa intaneti. Posankha sindinadalire zithunzi, chifukwa pa zithunzi ndi pamene pamakhala chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndinawerenga zimene alendo ena analemba m'miyezi yaposachedwa, makamaka amayi oyenda okha, n'kuyang'ana madandaulo amene akubwerezedwa ndi anthu osiyanasiyana. Kenaka ndinaimba foni kutsimikiza kuti dzina langa alilandiradi ndi kufunsa njira yofikira kumeneko. Kuchokera ku Mbezi kuli mabasi othamanga otchedwa mwendokasi, amene anayamba mu 2016 ndipo ali ndi njira yawoyawo pa msewu wa Morogoro kuyambira ku Kimara mpaka ku Kivukoni ndi ku Gerezani, pafupi ndi Kariakoo. Ndi otchipa, koma madzulo amadzaza kwambiri, moti chikwama muyenera kuchinyamulira kutsogolo. Mukafuna takisi, itanitsani kudzera pa foni monga pa Bolt, kapena pemphani a nyumba imene mukukafikirayo akutumizireni dalaivala amene amamudziwa. Galimoto yopanda chizindikiro imene munthu wokoma pakamwa akukuitanirani musakwere, chifukwa alendo ena aberedwa mwanjira imeneyo mumzindawu.

Dalaivala wa bajaji amene ananditenga gawo lomaliza la ulendowo atamva dzina la kumene ndikupita, anapukusa mutu n'kunena kuti nyumbayo inatsekedwa mwezi watha, koma iye akudziwa ina yabwino ya mbale wake. Ndinatulutsa foni n'kuimba pamaso pake, ndipo wolandira alendo atayankha ndinamupatsa dalaivalayo kuti amufotokozere njira. Anandifikitsa osanenanso kanthu. Mawu akuti nyumba inatsekedwa, yadzaza kapena inapsa mudzawamva m'matauni ambiri, ndipo mankhwala ake ndi kukhala ndi nambala ya foni ndi mayunitsi.

M'mawa mwake, nditasiya chikwama m'chipinda chokhoma, ndinayenda wapansi m'dera la Kariakoo kufunafuna malo otsikirapo mtengo. Kumeneku ndi kumene amalonda ambiri a kwathu amakagula katundu, ndipo sipatenga nthawi musanamve Chichewa kapena Chitumbuka pakati pa khamu. Amayi awiri a ku Lilongwe amene ndinawapeza akumangitsa mabelo anandilozera kumene iwo amagona nthawi zonse, ndipo anandiuza mtengo umene amalipira, kotero kuti nditafika sindinauzidwe mtengo wa mlendo. Nyumba zambiri za alendo za ku Kariakoo zili m'nyumba zosanja, pamwamba pa masitolo, ndipo pamenepo pali zina zoti muone zimene m'matauni ang'onoang'ono simuziganizira. Funsani ngati ali ndi jenereta, chifukwa magetsi akazima fani imaima ndipo nthawi zina madzi sakwera m'zipinda za m'mwamba. Onaninso masitepe amene mungatsikire moto utabuka, komanso ngati chitseko cha pansi amachikhoma usiku ndipo kiyi wake amakhala ndi yani. Ine ndinasankha chipinda cha pansanja yachiwiri, choyang'ana kuseri, kumene phokoso la malole otsitsa katundu mbandakucha silinkafika kwambiri.

Ku Zanzibar ndinakwera boti la m'mawa, limene limatenga pafupifupi maola awiri, ndipo tikiti ndinagula pa zenera la ofesi yeniyeni ya pa doko, osati kwa madobadoba amene amakukumanizani mumsewu. Ngakhale Zanzibar inagwirizana ndi Tanganyika mu 1964 n'kupanga dziko limodzi, pofika pa doko mumaonetsanso pasipoti, choncho ikhale pafupi. Mzinda wakale wa Stone Town, umene bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2000, uli ndi tinjira topapatiza tokhotakhota timene galimoto silowamo, ndipo pakati pa makoma ataliatali amenewo kadontho ka pa mapu a foni kamadumphadumpha n'kukusocheretsani. Kumeneku kufika masana n'kofunika kuposa kwina kulikonse. Ndinapempha a nyumba imene ndinasungitsako malo kuti atumize munthu pa doko, ndipo tinagwirizana dzina lake ndi nambala yake ndisanakwere boti, popeza pa geti pamakhala anthu ambiri onena kuti atumidwa kudzakutengani. Poyenda naye ndinkaloweza zizindikiro, monga mzikiti wa chitseko chobiriwira ndi pamene abambo amakhala n'kumamwa khofi, kuti madzulo pochokera ku Forodhani, bwalo la m'mphepete mwa nyanja kumene amagulitsa zakudya, ndithe kubwerera ndekha.

Kumeneko ndinayesako kugona m'chipinda cha anthu ambiri, mmene mumalipira bedi lokha, mmene mumakonda kugona achinyamata ochokera ku Ulaya ndi kwina oyenda ndi zikwama zobereka. Ndinasankha chipinda cha amayi okhaokha, ndipo loko wanga uja anagwira ntchito pa kabati yosungiramo pasipoti ndi ndalama. Ubwino wake ndi wakuti mumamva kwa anzanu nkhani zatsopano za malo amene achokera dzulo lomwelo, mitengo ya daladala ndi nyumba zoyenera kupewa. Koma mtengo wa bedi limodzi m'malo otero nthawi zina umafanana ndi wa chipinda chathunthu m'nyumba ya alendo wamba, choncho amene akufuna kupulumutsa ndalama ayerekeze kaye. Anthu ambiri a pa chilumbachi ndi Asilamu, ndipo m'nyumba zambiri za eni ake a komweko salola mowa kapena kubweretsa mlendo m'chipinda. Chitenje chokulunga m'chiuno ndi china chophimba mapewa zinandichititsa kulandiridwa mwaulemu kulikonse kumene ndinagogoda. M'miyezi ya July ndi August komanso kumapeto kwa December alendo amachuluka ndipo malo otchipa amatha msanga, pamene nthawi ya mvula yaikulu, kuyambira March mpaka May, zipinda zimapezeka mosavuta ndipo mtengo umanenerereka.

Madzulo aliwonse, ndikangolowa m'chipinda chatsopano, ndinkatumizira achemwali anga pa WhatsApp chithunzi cha chikwangwani cha nyumbayo, nambala ya chipinda ndi nambala ya foni ya pa ofesi, ndipo tinapangana kuti tsiku likadutsa osamva kwa ine aimbe kumeneko. Anthu ocheza nawo m'basi akandifunsa kumene ndikukagona, ndinkangotchula dera, osatchula dzina la nyumba.

Ngakhale mukonzekere bwanji, tsiku lina mdima udzakupezani panjira, ndipo ine unandipeza pobwerera, pamene basi yathu inawonongeka pakati pa Iringa ndi Makambako n'kukalowa mu Mbeya anthu atagona. Ndili m'basi momwemo ndinaimbira nyumba ija ndinagona popita, popeza nambala yake inali m'kabuku, ndipo anandisungira chipinda n'kuuza mlonda kuti andidikire pa geti. Potsika ndinagwirizana ndi mayi wina amene ankapita dera lomwelo kuti tikwere bajaji imodzi, ndipo nambala ya bajajiyo ndinaitumiza kwa achemwali tisananyamuke. Mukafika usiku m'tauni imene mulibe nambala ya nyumba iliyonse, musayende wapansi ndi chikwama kufunafuna malo otchipa. Pitani ku hotela yaikulu yodziwika imene ili pafupi, yokhala ndi magetsi owala ndi mlonda, mulipire mtengo wake kwa usiku umodziwo, ndipo kufunafuna kuyambe kukacha. Pa chifukwa chimenechi ndinkasunga padera, m'kathumba kosokerera mkati mwa siketi, ndalama yokwanira usiku umodzi wa hotela yotero, imene sindinkaiwerengera pa ndalama za tsiku ndi tsiku. Ngati ndalamayo palibe, funsani kondakitala ngati amalola anthu kukhala m'basi kapena m'chipinda chodikirira cha kampaniyo mpaka m'mawa, pakuti apaulendo ambiri, makamaka amayi a ana ndi amalonda okhala ndi katundu, amachita zimenezo, ndipo mukhale pafupi ndi iwowo, lamba wa chikwama mutamukoleka pamkono.